Maroon ya a Fombe

Chifundo mwana wanga, pamodzi ndi ang'ono ako, mutu uno ndauyamba kangapo n'kuusiya, chifukwa ndikafika pakati mtima umayamba kuthamanga ngati ndikadali mtsikana uja. Ndinapuma ntchito ya uphunzitsi, tsitsi layera, koma nkhani iyi ikadandikwiyitsabe. Za ubwana wanga munazimva kale kwa agogo anu, sindizibwereza. Ndiyambira pa sukulu yanga yoyamba.

Chaka choyamba, teremu yoyamba

Ndinafika pa sukuluyo pa lole ya thonje, setifiketi ya ku koleji ili pansi pa sutikesi, iwe Chifundo uli kumbuyo, utangoyamba kumene kuyenda. Dzina la sukuluyo sindilitchula, poti ana a anthu aja akadali moyo. Inali m'boma la Chikwawa, kumapeto kwenikweni, moti msika wathu ndi chipatala chathu zinali ku Bangula, ulendo waufupi pa njinga. Kum'mawa kwake kunali dambo lalikulu la Elephant Marsh, ndipo ana ambiri anali a asodzi. Bambo ako ankagwira ntchito ku esiteti ya nzimbe, kunyumba ankabwera pakutha pa mwezi basi. Amene ankakusunga m'mawa ine ndili m'kalasi anali azakhali ako a Fatima, mchemwali wa bambo ako, amene ankagulitsa nsomba zowamba ndipo ankakhala m'njira yopita ku Bangula.

Pa malo onsewo chimene chinandikondweretsa ndi chipatalacho. Iwe unabadwa ndi mphumu. Fumbi likangouluka unkayamba kubanika, pakhosi pakulira ngati kamphaka, nthiti zikulowa mkati. Ndinkakubereka, kubwereka njinga, kupalasa ndikupemphera, kukafika anamwino n'kukubaya jakisoni, iwe n'kuyamba kupuma bwino. Ndinali mayi wamantha, ndisakubisire. Ndinkaphunzitsa khutu limodzi lili kumsewu, kumvetsera ngati a Fatima akubwera akuthamanga. Ndipo ndinali pa pulobeshoni, nthawi ija boma limakhala likukuyesa. Mphunzitsi wa pa pulobeshoni sakana kumene wamutumiza. Ahedi akangomutchula moipa ku ofesi, amapezeka ali kutchire. Choncho ndinadziuza kuti pano ndikhala chete, ndigwira ntchito, mpaka mwana wanga akule chifuwa chilimbe.

Ahedi athu anali a Fombe. Ndiyenera kuwanenera zoona: sanali munthu woipa. Sankamwa, sankasewera ndi ana asukulu, ndipo bwalo la sukulu yawo linkasesedwa kuposa pakhomo pa abusa. Anali mwana wa kuchigwa konkuno, ndipo zinkawapweteka kuti anthu a kumtunda amatinena kuti ife timangodziwa nsomba. Ankavala tayi ngakhale masiku amene malata amalira ndi kutentha. Chingerezi ankachikonda moti akayetsemula ankapepesa m'Chingerezi, ali okha mu ofesi.

Tsiku langa loyamba anatsegula dilowa, kutulutsa envulopu, m'menemo n'kusolola kansalu kakang'ono ngati chikhatho.

"Madam, mwachokera ku koleji. What colour is this?"

"Red, bwana," ndinayankha.

Anakweza kansalu kaja pafupi ndi nkhope yanga. "Setifiketi yatsopano, inki isanaume, koma red. Iyi ndi maroon, madam. Red amavala a sukulu ya kutsidya kwa msewu."

Masiku amenewo yunifolomu linali lamulo, ndipo a Fombe anasankha maroon chifukwa anaiona pa sukulu ina ya sekondale mu Blantyre. Kansalu kaja kanali muyeso. Kankakhala mu envulopu, m'dilowa, mumdima, kosaonapo dzuwa kapena sopo. Lolemba lililonse pa asembule ankayenda m'mizere, kukaika paphewa pa mwana aliyense, n'kugamula.

Tsono taganiza. Nsalu inkachokera ku Limbe, ndipo mpukutu uliwonse umene telala wa ku Bangula ankabweretsa unkasiyana ndi unzake. Mayi akafika ankangoti, "Ndipatseni yofiira ya sukulu ija," telala n'kudula imene ilipo. Kenako dzuwa la kwathu kuno limaigwira ntchito. Madzi a pa mjigo amchere aja, kuchapira pamwala, kuyanika pamchenga, teremu isanathe diresi lasanduka. Mwana mmodzimodzi yemweyo ankakhoza kukhala maroon m'khwapa, pamsana pali mtundu wina.

"Scarlet. Pita kwanu."

"Crimson. Ukawauze amayi ako."

"Iwe, pink? Mnyamata wathunthu, pink?"

Ana ankaseka, wothamangitsidwayo nayenso akuseka. Koma mwana wa msodzi ukamubweza tsiku limodzi sakhala pakhonde. Bambo ake amati bwerani ndithu, n'kumukweza m'bwato. Ena ankabwera patapita milungu. Ena ndinkawaona ku msika ku Bangula atasenza dengu la milamba, akubisa nkhope.

Teremu yachiwiri

A Fombe anaona kuti m'makalasi mwayamba kuchepa ana, ndipo anapeza chifukwa chake. Anati vuto ndi umbuli wa Chingerezi. Ana akadziwa kusiyanitsa mayina a mitundu, akafotokozera makolo awo, makolowo akagula nsalu yoyenera. Ntchitoyo inagwera ine, popeza ndinkaphunzitsa Chingerezi m'makalasi akuluakulu.

"Muwaphunzitse onse, madam. Red, scarlet, crimson, maroon, burgundy. Mwana wa pano asamati red ngati munthu wa pa msika."

Ndinavomera, nanga ndikanatani. Koma ndiphunzitse ndi chiyani? Buku la Chingerezi linali la zithunzi zakuda ndi zoyera. Pa tsamba la mitundu panali chithunzi cha mpira, pansi pake atalemba kuti mpirawo ndi wofiira, pamene mpirawo unali wotuwa ngati phulusa. Choko chinali choyera chokhachokha. Cha mitundu chinatha ine ndisanabwere, ndipo ndikafunsa ankati chili m'njira. Ndinachoka pa sukuluyo chikadali m'njira.

Ndinabwereka dikishonale ya ahedi, yokhayo pa sukulu yonse. Ndinapeza kuti scarlet ndi wofiira wowala wopendekera ku olenji. Crimson ndi wofiira wozama wopendekera ku pepo. Maroon ndi wofiira wodera wolowa bulawuni. Burgundy nayenso ndi wodera, koma wopendekera ku pepo ngati vinyo wina wa azungu amene sindinamuonepo. Ndinawerenga mobwereza mpaka mutu unandiwawa. Ife timati tomato wafiira, dothi lofiira, ng'ombe yofiira, maso afiira, munthu wofiira, ndipo palibe amene anasokerapo. Ukamutuma mwana kuti akakuse ng'ombe yofiira sabwera ndi tomato. Koma apa ndinayenera kugawa kufiira m'zigawo, pa bolodi lakuda, ndi choko choyera.

Ndinaganiza zobweretsa zinthu zenizeni. Tsabola wakupsa akhale scarlet. Duwa lina la pakhomo pa tchalitchi likhale crimson. Chidutswa cha lata lakale chikhale rust, ndiye kuti dzimbiri. Madzi a mu Shire m'botolo akhale brown. Maroon ndiye anandivuta. Ndinazungulira msika wonse wa Bangula ndi kansalu ka a Fombe m'mutu, mpaka ndinaima pa opha mbuzi. Chiwindi. Chinali chenichenicho.

Ndinayamba ndi Sitandade 8. M'kalasimo munali mtsikana wina dzina lake Luwiza, mwana wa msodzi, wamtali, wochenjera, pakamwa posatseka. Diresi lake linali litasuluka kale, ndipo ankapulumuka pa asembule poima kumbuyo kwa anzake.

Ndinakweza chiwindi pa mbale. "This is maroon."

"This is maluni," kalasi yonse inayankha.

Mnyamata wina kumbuyo anakweza dzanja. "Madam, maluniyo tikamaliza tiwotcha?"

"Khala chete. What colour is this?" Ndinakweza tsabola.

"Red."

"Scarlet, ndanena kale."

"Nanga si wofiira, madam?"

"Ndi wofiira, koma ndi scarlet."

"Ndiye scarlet ndi red?"

"Eya. Ayi. Ndi mwana wa red."

"Bambo ake ndani?" anafunsa Luwiza, nkhope ili phee.

Kalasi inagwa ndi phwete. Ine thukuta lili kamukamu, bulawuzi yamatirira pamsana. Pofika ku Sitandade 7 chiwindi chija chinali chitayamba kudera. Pofika ku Sitandade 6 chinali chakuda m'mbali, ntchentche zili ng'waa, ndipo ana amenewo anaphunzira maroon wosiyana ndi wa akulu awo. Duwa linafota. Madzi a m'botolo anadikha, matope pansi, pamwamba poyera. Chimene chinasunga mtundu wake tsiku lonse ndi lata lokha. A Fombe anasuzumira pakhomo atagwira mphuno ndi kampango, n'kufunsa ngati mwafa khoswe.

Pofuna kuti ana atenge kanthu kamodzi kosavuta, ndinalemba pa bolodi kuti maroon ndi red wolowa brown. Ndinawabwerezetsa mpaka anaziloweza ngati nyimbo. Tikutuluka, Luwiza anandipeza pakhonde atagwira mpendero wa diresi lake.

"Madam, ndiye kuti langali langosowa brown basi?"

Ndinali nditatopa, ndikuganiza za iwe, poti m'mawa umenewo unadzuka ukutsokomola. Ndinangoti, "Eya, lasowa brown," n'kumapita.

Pamenepo ndiye panayambira zonse. Asodzi a kudamboko ali ndi kachitidwe kawo. Amasenda makungwa a mtengo wina, kuwasinja, kuwawiritsa m'dilamu, n'kunyikamo maukonde kuti adere, asawole msanga, ndiponso nsomba zisawaone m'madzi. Luwiza anakafotokozera amayi ake, a Nyamazawo, zimene aphunzitsi anena. A Nyamazawo anauza anzawo pa mjigo. Loweruka limenelo dilamu la maukonde linalandira mayunifolomu a mudzi wonse.

Lolemba ndinaona chimtambo cha ana chikubwera kuchokera kudambo, amayi awo ali pambuyo atavala zitenje za ku tchalitchi, kudzaonerera. Ndinaima pakhonde ndikuwayang'ana. Panalibe awiri ofanana. Amene ananyikidwa koyamba anatuluka oderatu ngati tiyi wopanda mkaka. Omalizira anali ngati dothi la pachulu. Ena anali amawangamawanga chifukwa dilamu linadzaza, osatha kuvundula. Fungo la makungwa ndi nsomba linafika ana asanafike. Ndipo ana aja ankayenda monyada, ndikukuuza, manja kumbali ngati asilikali.

A Fombe anatuluka ndi kansalu kawo. Anayenda mzere woyamba akukaika paphewa lililonse. Kenako anayamba, mawu ali pansipansi. "Rust. Brown. Chocolate. Ichi sindikudziwa dzina lake." Anafika kumapeto, kutembenuka, n'kuti onse onyikidwa apite kwawo.

A Nyamazawo anatulukira kutsogolo. Anali mayi wamfupi, wa mikono ya munthu wopalasa bwato. Anagwada pang'ono mwaulemu, koma mawu sanagwade.

"Ahedi, pepani. Munati yayera, tabweza mwana. Tsopano taideretsa, mukubwezanso. Mukufuna yotani?"

"Mayi, lamulo likuti maroon."

"Maluniyo ndi ameneyu. Anena ndi aphunzitsi awa kuti yasowa bulawuni. Ife taika bulawuni. Nkhuni zathu tawotcha tsiku lonse, bambo ake mpaka sanapite kumadzi."

"Ameneyu si maroon."

"Nkhabe, ahedi, ayi ndithu. Kansalu kanuko kamagona m'nyumba. Mwana wanga amayenda padzuwa. Kabweretseni tikachape kamodzi kokha pa mjigo, tione ngati kakhale maluni."

Amayi ena anaseka chobisa m'zitenje. A Fombe anapinda kansalu kawo, kukabweza mu envulopu, n'kuyang'ana ine. Ndinafuna nthaka itseguke. Ndinayamba kufotokoza kuti sindinanene za dilamu, kuti ndinkangophunzitsa tanthauzo la liwu, koma ndani ankamvera. Ana anabwerera ndi amayi awo, bwalo linatsala ndi ana a ogulitsa m'magolosale ndi a aphunzitsi.

Teremu yachitatu

Yosuluka ija bola munthu akanatha kuikambirana. Yonyikidwa inalibe pobwerera. Makungwa aja akalowa mu nsalu satuluka, amayi anayesa sopo, phulusa, mandimu, osatheka. Nsalu yatsopano makolo sakanaipeza mpaka atagulitsa thonje, ndipo mayeso a Sitandade 8 anali pafupi. Kalasi yanga inatsala yochepa moti mawu anga ankamveka ngati ndili m'tchalitchi pakati pa sabata. Luwiza ankabwera n'kukhala panja pansi pa zenera, kulemba pabondo. Akamva nsapato za ahedi ankathawira kuseri kwa zimbudzi. Ine ndinkakweza mawu kuti amve, kwinaku ndikudziyesa ngati sindikumuona.

Tsiku lina a Fombe anandiitana mu ofesi. Anati akupita ku boma ku msonkhano wa mahedi, akakhala sabata yonse. Anakankhira envulopu ija kwa ine.

"Munayambitsa ndinu, madam, mutsirize ndinu. Lolemba muime pa geti. Ana aja amva kuti ndachoka, abwera onse. Amene si maroon asalowe."

"Bwana, achiwiri anu alipo."

"Achiwiri anga sanaphunzitse za dilamu." Anakonza tayi. "Ndikuuzeninso ichi kuti musadzati sindinanene. Ku Chapananga kuli sukulu ikusowa mphunzitsi wa Chingerezi. A ku ofesi andifunsa ngati ndili ndi dzina. Ndawauza kuti ndiganize kaye."

Chapananga ndinkakudziwa mwa kumva. Kouma, fumbi, mbuzi ndi ng'ombe, ndipo sukulu imene ankanenayo inali kutali ndi chipatala moti wodwala ankamunyamula pa ngolo. Mvula ikagwa mitsinje inkatseka njira. Ndinatuluka mu ofesimo ndikuona nkhope yako yokha.

Madzulo ndinapita kukakutenga kwa a Fatima, n'kuwafotokozera. Anali akutembenuza nsomba pa waya, iwe atakukhazika kutali ndi utsi. Sanachedwe kuyankha.

"Mulamu, ana a eni ali ndi eni ake. Wanu ndi uyu. Kaimeni pa geti, mutseke maso, sabata ithe."

"Koma mayeso, alamu."

"Mayeso ndi anu? Munalemba kale anu. Kapena mukufuna mukapalase ngolo mwana akubanika?"

Ankanena zoona, ndipo ndinagwirizana nawo. Ndinapita kunyumba nditatsimikiza mtima. Ndinakonzeratu ndi mawu oti ndikanene pa geti, aulemu, oti si ine koma lamulo.

Lolemba ndinaima pa geti ndi kansalu m'manja. Geti lake inali mitengo iwiri yokumbiridwa, mpanda panalibe, mwana akanatha kulowera paliponse. Koma ana aja anafola mzere pamaso panga, onse a bulawuni aja. Woyamba anali kamtsikana ka Sitandade 1, kamene diresi lake linali lodulidwa kuchokera ku la mkulu wake. Kanatembenuka kokha n'kundipatsa phewa kuti ndiyeze.

Musandiyese wolimba mtima, ana anga. Chimene chinandigwira si chifundo ayi, unali mkwiyo. Ndinadziona ndekha, munthu wophunzira ku koleji, amene bambo anga anagulitsa mbuzi kuti ndiphunzire, nditaima padzuwa pakati pa mitengo iwiri, ndikuyeza phewa la kamwana ndi kansanza. Ndinaika kansaluko m'thumba la siketi.

"Lowani. Fulumirani, belu lalira kale."

Analowa akuthamanga. Pamene fumbi lawo linkatsika ndi pamene ndinakumbukira mawu a alamu anga. Ndinadzitonthoza kuti ndi sabata imodzi yokha, Lachisanu ndiwauza kuti Lolemba asabwere, ahedi sadzadziwa. Nzeru za munthu wamantha.

A Fombe anabwera sabata isanathe, msonkhano unafupikitsidwa. Ndinali mu Sitandade 8, ndikulemba pa bolodi, pamene kalasi inangoti zii. Nditacheuka anali pakhomo, chikwama chikadali m'manja, nsapato zili fumbi. Anayang'ana kalasi yodzaza, mpaka ena atakhala pansi. Anatambasula dzanja, ine n'kuwapatsa kansalu kawo. Anaitana Luwiza kutsogolo, n'kukaika paphewa pake.

"Madam. What colour is this dress?"

Ndinadziwa chimene ankandipatsa. Nditchule mtundu, mwana atuluke, anzake amutsatire, nkhani ithere pomwepo, ine nditsale pafupi ndi chipatala. Ndinaganizanso zonama kuti ndi maroon, koma ana onse aja ndinawaphunzitsa ndekha ndi chiwindi, akanandiseka. Luwiza ankangoyang'ana kudenga. Mtsikana wa pakamwa uja.

"Brown, bwana. Kapena rust. Maroon ayi."

"Very good. Ndiye?"

"Ndiye akhale pansi. Tili pakati pa phunziro."

Mawu amenewo anatuluka okha, ndipo choko chinathyoka m'dzanja langa. A Fombe anandiyang'ana, kuyang'ana ana, kenako anachotsa kansalu paphewa paja n'kutuluka. Luwiza anatsala ataima mpaka ndinachita kumukalipira kuti akhale.

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero ndi ichi. Ana aja sanathamangitsidwenso. Lolemba lotsatira a Fombe anachititsa asembule popanda kansalu, analankhula za kusesa ndi za kufika mochedwa, ana a bulawuni ali pomwepo pamaso pawo. Palibe anafa, sukulu sinatsekedwe, boma silinatumize munthu. Ndiye kuti zinali zotheka kuyambira kale. Koma dzina langa anali atalipereka.

Ndinapita kukawapepesa. Ndinagwada mu ofesi muja, ine, ndikulira, ndikuwauza za chifuwa chako. Anandipatsa mpando, anandimvera mpaka kumapeto.

"Madam, sindikudana nanu. Chingerezi mumachitha. Koma munandiyankha pamaso pa ana. Sitingakhale pa sukulu imodzi."

Ndinakwera basi kupita ku ofesi ya maphunziro ku boma. Kumeneko anandiuza kuti mphunzitsi wa pa pulobeshoni sasankha, ndipo ngati sindikufuna ntchito alipo ambiri akudikira. Bambo ako anati ndisiye ntchito. Ndisiye, ndiye tidye nzimbe?

Luwiza analemba mayeso ndi diresi lake lomwe lija. Anakhoza, koma sanasankhidwe kupita ku sekondale. Anakwatiwa kudambo komweko. Ndikunena izi kuti musaganize kuti ndinapulumutsa dokotala kapena nduna. A Nyamazawo anabwera kunyumba ndikumanga katundu, atanyamula nsomba zouma m'kadengu. Anaziika pansi, n'kuthokoza m'chilankhulo cha kwawo kuti, "Takhuta, aphunzitsi." Anakhala pang'ono akuyang'ana makatoni, kenako anafunsa ngati ku Chapanangako nakonso amavala maluni. Ndinawauza kuti sindikudziwa, ndipo sindikufuna kudziwa.

Chaka chachiwiri

Ndinayamba ndapita ndekha ku Chapananga kukaona malowo. Nyumba ya mphunzitsi inali pafupi ndi njira ya ng'ombe, ndipo madzulo zikamabwerera fumbi linkalowa mpaka m'mano. Ndinafunsa za chipatala, anandilozera ndi mlomo kuseri kwa mapiri. Ndinafunsa ngati pali galimoto, anandiseka. Pobwerera ndinkalira njira yonse, mpaka mayi wina pa lolepo anandifunsa kuti wamwalira ndani.

Sindikanakutenga. Ndinakusiya kwa a Fatima ndi botolo lako la mankhwala, kadi la ku sikelo ndi bulangete lako. Ndinawalangiza zambirimbiri, za utsi, za madzi ozizira, za kalilidwe ka pakhosi pako, mpaka anatopa nane.

"Mulamu, ndalera ana ine musanakwatiwe. Pitani, lole ikusiyani."

Ndinachoka iwe uli kuseri kwa nyumba ukuthamangitsa abakha, kuti usandione.

Ndinkati ndizibwera mwezi uliwonse. Mwezi woyamba ndinabwera. Kenako mvula inayamba, mitsinje inadzaza, ndipo miyezi inapita ndili kutsidya. Uthenga unkabwera ndi ogula mbuzi, wochedwa, wa mawu awiri: ali bwino. Kamodzi anati anabanika koma anathamanga naye, ali bwino. Tsiku limenelo ndinaphunzitsa nditakhala pansi. Ana a kumeneko ankabwera ndi chilichonse chimene ali nacho, ena malaya a abambo awo ofika m'mawondo, ndipo ahedi ake ankangothokoza kuti abwera.

Madzi ataphwa ndinayenda wapansi mpaka pamene lole inkafika, kenako basi, kenako njinga. Ndinakugulira kadiresi ndi mabisiketi. Ndinafika kwa a Fatima dzuwa likupendeka. Iwe unali pakhonde ukusenda chimanga m'lichero, utakula, masaya atadzaza, ukupuma bwinobwino popanda kaphokoso kalikonse. Ndinaima pamenepo ndikungomvetsera kapumidwe kako. Ndinakuitana dzina, ndinagwada, ndinatambasula manja.

Unandiyang'ana bwinobwino, kuyambira kumutu mpaka ku nsapato. Kenako unadzuka mwaulemu monga anakuphunzitsira, kulowa m'nyumba, ndipo ndinakumva ukuuza azakhali ako.

"Amayi, kwabwera alendo."